Mbewu ya makumba italedzera m'mathanki: sinki wa mu labu ndi botolo la chloroform ndi methanol

Nkhani iyi ndikulembera anzanga amene mumaweta nsomba pafupi ndi labu, kaya ndi pa siteshoni ya kafukufuku, pa koleji kapena pa malo oswetsera mbewu ya nsomba pomwe pali kachipinda koyezera zakudya za nsomba. Maina a anthu ndi a malo ndawasiya dala, chifukwa wolakwa sanali mmodzi ndipo mbali yaikulu ya vutoli inayambira pa chiganizo chomwe ndinapanga ine ndemwe.

Malo athu ndi aang'ono. Panja pansi pa shedi tili ndi mathanki a simenti 6 olereramo mbewu, nthawi imeneyo anayi munali makumba, aja a Oreochromis shiranus, limodzi chilunguni ndipo lomaliza munali timilamba tokulirapo ngati chala. Madzi amachokera pa mjigo wa magetsi kukwera m'thanki ya pamwamba, akadutsa mwa nsomba amatsika ndi ngalande kupita m'sampu ya simenti ya malita 5000 kuseri kwa nyumba, akasefukira amalowa m'dzenje la miyala basi. Labu ili m'nyumba yomweyo, khoma limodzi ndi shedi, ndipo nthawi imeneyo munali ana asukulu awiri amene ankayeza mafuta mu zakudya zomwe ankasakaniza okha, madeya, soya ndi ufa wa usipa.

Munali mu Okutobala, kutentha kuja kumene madzi a m'thanki amafika madigiri 29 kapena 30 masana. Mjigo unayamba kutsomola, kutulutsa madzi pang'ono kenako mpweya, komanso magetsi ankathima maola ambirimbiri. Ndiye ndinati tisamataye madzi a m'sampu, tiike pampu pansi, madzi adutse mu dramu ya miyala ndi nsalu kenako abwerere kwa nsomba. Ndinayeza ammonia, nitrite ndi pH za madzi a m'sampu, zonse zinali bwino, ndinakhutira. Chomwe sindinachite ndi kulondola mapaipi onse olowa m'sampumo limodzi ndi limodzi, ndinangoona ngalande ya mathanki n'kuganiza kuti ndi yokhayo.

Sabata yoyamba zizindikiro zinali zazing'ono moti munthu wotanganidwa sakanaziona. Masiku ena tikangothira madzi m'mawa timakumba tinkachita ulesi, kusiya chakudya chikuyandama, tina kusambira mopendekeka, n'kufa titatu kapena tisanu pa thanki, koma ikamakwana 12 koloko tonse tabwerera mwakale tikulimbirana chakudya. Masiku ena osaoneka kalikonse. Aliyense amene anamva za EUS, matenda a zilonda aja amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, mtima umathamangira komweko, koma pa nsomba zathu panalibe chilonda ngakhale chimodzi ndipo EUS imakonda nyengo yozizira osati Okutobala. Ndinapala khungu ndi makha, mopumira muja, n'kuika pa maikolosikopu, ndinapeza tizilombo totchedwa Trichodina towerengeka chabe, tosakwana kugwetsa nsomba. Komabe pofuna kuchitapo kanthu tinathira mchere. Mnzanga wina anati tithire formalin kuti tithane ndi tizilomboto kamodzin'kamodzi, ine ndinakana chifukwa formalin amadya okosijeni m'madzi ndipo ndi kutentha kuja kuphatikiza bulowa, ija yopopera mpweya m'madzi, yomwe inkangozima ndi magetsi tikanangozipha tokha. Pa ziganizo zonse za sabata imeneyo ichi chokha ndi chimene ndimaona kuti chinali cholondola. Mchere unaoneka ngati wagwira ntchito chifukwa nsomba zinkachira, koma zinkachira kale ngakhale tisanathire, ndipo ine sindinadzifunse chifukwa chake.

Lachisanu la sabata yachiwiri ndi pomwe zinavuta. Magetsi anathima usiku wonse, atayaka m'mawa wothandizira wathu anachita monga mwa masiku onse, anakhuthula madzi theka m'thanki iliyonse n'kuyatsa pampu ya m'sampu kudzazira. Ola lisanathe anabwera akuthamanga, "Abwana tabwerani mudzaone, nsomba zaledzera." Mawu akewo anali olondola kuposa mmene ndikanalembera ine m'buku. Poyamba zinkathamanga mopenga kugunda makoma, kenako kufooka, kuzungulira ngati sikulufu, kugona cham'mbali, zina chagada mimba yoyera ili m'mwamba, n'kumira pansi. Ndinatola kamodzi ndi dzanja osathawa n'komwe, zivundikiro za makha zikutseguka mwa apo ndi apo ngati munthu amene ali m'tulo tofa nato, makha enieniwo ali ofiira bwinobwino, osati a bulauni ngati a nitrite, opanda mamina ambiri. Ndinaviika mita ya okosijeni ndikuyembekeza kuona 1 kapena 2, inandipatsa kupitirira 5 mg/L m'mathanki onse. Ndipo timilamba natonso tinali titagona. Apa m'pamene mutu unandizungulira chifukwa mlamba umapuma mpweya wa pamwamba, madzi akhale opanda okosijeni iwo umangotumphuka n'kumeza mpweya, ndiye ukaona mlamba wagona limodzi ndi makumba dziwa kuti vuto si mpweya.

Madzi a pa mjigo omwe tinali nawo m'thanki ya pamwamba anali osakwana kusintha mathanki onse. Tinadzaza mabeseni ndi ndowa zonse zomwe tinazipeza, kuphatikiza zochapira za azimayi oyandikana nafe, n'kumavuula nsomba ndi kaukonde kuthira mmenemo, otsalawo tinathira m'mathanki, n'kuyatsa jenereta kuti bulowa isazimenso. Mphindi 20 kapena 30 zokha, za m'mabeseni zinayamba kudzuka, kutembenuka, kuima bwino, ola likamatha zambiri zikusambira ngati palibe chachitika. Za m'mathanki zinachedwerapo koma pofika madzulo nazonso zinali zitadzuka. Tsiku limenelo tinataya mwina gawo limodzi mwa magawo khumi, makamaka tating'ono kwambiri.

Kudzuka kumeneku kunali umboni waukulu koma tonse maso anali kwina. Mawu anayamba kuyenda oti wina wathira katupe kapena mthuthu usiku, ndipo chala chinaloza mlonda wathu, bambo wachikulire amene sabata yomweyo anali atadandaula za malipiro ochedwa. Ena anafika ponena kuti tikanene ku polisi popeza kupha nsomba ndi poizoni n'koletsedwa m'lamulo la za usodzi la 1997. Ine sindinawaneneze pamaso koma ndinawafunsa mafunso a mtundu woti munthu amadziwa kuti akumukayikira, ndipo nkhope yawo tsiku limenelo sindidzaiiwala. Anangoti, "Ine bwana ndakalamba pano, nsombazi ndimazilondera ngati mbuzi zanga." Chonsecho zizindikiro sizinkagwirizana ndi katupe. Rotenone ndi abale ake amene ali m'zomera zimenezi amatseka kapumidwe m'kati mwa maselo, nsomba imayasamula pamwamba ndipo ikafika pogona chagada kawirikawiri siidzukanso, komanso m'madzi munalibe thovu kapena zinyenyeswa za mizu kapena masamba osinja. Zathu zinagona n'kudzuka ngati wodwala wochokera ku fiyeta.

Loweruka nsomba zinadya pang'ono. Madzi anali ndi kamtambo koyererako, makoma a thanki akuterera, ine ndinati ndi chakudya chotsala cha dzulo. Sitinayatsenso pampu ya m'sampu, osati chifukwa choikayikira koma poopa kuti mwina wothira poizoni uja anathira mmenemo. Usiku magetsi anathimanso, ndipo poona kuti nsomba zachira komanso mafuta a jenereta atsala ochepa ndinalamula kuti jenereta izime 10 koloko. Ichi ndi chiganizo chimene chinapha nsomba zambiri kuposa china chilichonse.

Lamulungu m'bandakucha mlonda yemwe uja ndi amene anandiimbira foni. Nditafika ndinapeza makumba ndi chilunguni zili mbuu pamwamba, zamoyo zili kukamwa yasa pa ngodya za thanki, madzi atayera ngati wathiramo mkaka, miyala yotulutsa mpweya itakutidwa ndi zoterera ngati therere. Mita inaonetsa okosijeni wosakwana 1 mg/L. Koma timilamba tonse tinali tamoyo, tikutumphuka kumeza mpweya. Ndiye taonani, mathanki omwewo, masiku awiri okha kusiyana, Lachisanu okosijeni alipo koma nsomba zonse kuphatikiza milamba zagona, Lamulungu okosijeni palibe, milamba ili bwino, makumba atha. Awa anali mavuto awiri osiyana ndipo ndinayamba kuona kuti mwina gwero lake ndi limodzi.

Tikuvuula zakufa mlonda anandiitanira pambali. "Bwana, ndinafuna kukuuzani Lachisanu lija koma munali ndi mkwiyo. M'sampumu munali ambululu ambiri ndi mphutsi za udzudzu, kuyambira Lachisanu zonse zafa. Ndiye pa chemba paja pakumveka kafungo kotsekemera ngati ka kuchipatala." Ndinawafunsa kuti chemba chake chiti madala, popeza ine ndinkadziwa ngalande yokha. Ananditengera kuseri kwa labu, pansi pa udzu ndi zidutswa za njerwa panali kachivundikiro ka simenti. Titatsegula fungo linatiwomba, ndipo pansi pa madzi a m'chembamo munali timadontho tonyezimira tolemera, ukatigwedeza ndi kamtengo timagawikana n'kukumananso pansi osayandama. Mafuta amayandama, izi zinkamira. Chloroform, mankhwala osungunulira mafuta mu labu, amalemera pafupifupi kamodzi ndi theka kuposa madzi.

Lolemba m'mawa tinasungunula methylene blue, yemwe timakhala naye kale wa mazira a nsomba, n'kuthira mu sinki wa mu labu ndi kutsegula mpopi. Mphindi zochepa chemba inasanduka ya buluu, kenako buluu uja anatulukira m'sampu kudzera pa paipi yomwe inali pansi pa madzi, yosaoneka ukaima pamwamba. Zinadziwika kuti chipinda cha labucho kale chinali chotumbuliramo nsomba, ndiye pulambala wa nthawi imeneyo analumikiza sinki ku sampu, zomwe zinali zanzeru pa ntchito ya nthawiyo. Chipinda chinasintha ntchito koma paipi inakhala momwemo zaka zonsezi, ndipo palibe amene anavutika nayo chifukwa madzi a m'sampu ankangopita kudzenje. Amene anatseka mkombero uja kuti za mu sinki zifike kwa nsomba ndine, tsiku lomwe ndinaika pampu.

Mmodzi wa ana asukulu aja ataona madzi a buluu m'sampu anayamba kunjenjemera n'kunena yekha. Ankagwiritsa njira ya Folch, ija ya mu 1957, yotulutsa mafuta ndi chloroform magawo awiri methanol gawo limodzi. Ukathira madzi a mchere zinthu zimagawikana pawiri, pansi chloroform ndi mafuta amene ukuwafuna, pamwamba methanol ndi madzi zomwe umataya. Za pamwambazo ankazisunga m'botolo la bulauni la malita 2.5, momwemonso ankathiramo zotsukuluzira machubu, ndipo Lachinayi madzulo litadzaza, posowa lina, analikhuthulira mu sinki n'kutsegula mpopi nthawi yaitali. Sanachite mwachibwana ayi, anaganiza. Anati anaona pa SDS, pepala lofotokoza kuopsa kwa mankhwala, kuti methanol sapha nsomba pokhapokha achuluke kwambiri, ndipo anaphunzitsidwa kuti gawo la pamwamba ndi methanol ndi madzi basi. Zizindikiro zazing'ono za sabata yoyamba zija zinagwirizana ndi masiku amene ankatsuka magalasi mu sinki.

Apa ndikufuna tichedwepo chifukwa mwanayu analakwitsa pamene ambiri a ife tingalakwitse. Pa methanol ananena zoona. Mulingo umene umapha theka la nsomba m'maola 96, umene timautchula LC50, pa methanol ndi waukulu zedi, pafupifupi 15,400 mg/L pa bluegill ndipo pa fathead minnow umapitirira 28,000. Ethanol ali cha m'ma 13,000 mpaka 14,000, acetone pa rainbow trout, nsomba ija imapezekanso pa phiri la Zomba, ali cha pa 5,500. Koma chloroform pa trout ndi bluegill ali cha pa 18 mg/L, toluene pakati pa 5 ndi 6, hexane pa fathead minnow 2.5 yokha. Manambalawa ndi a nsomba za ku America, ine ndimawatenga ngati chikwangwani cholozera njira, koma kusiyana kwa 18 ndi 15,400 n'kwakukulu moti mtundu wa nsomba sungakufafanize. Chimene chimasiyanitsa ndi mmene mankhwalawo amakondera mafuta. Amene amathawa madzi n'kukonda mafuta amalowera m'makha mosavuta n'kukakhala m'zikutiro za maselo, makamaka a mitsempha ndi ubongo, nsomba n'kugona. Wasayansi wina, Könemann, anaonetsa zimenezi mu 1981 ndi nsomba za guppy, kuti mankhwala a mtundu uwu akamakonda mafuta kwambiri mulingo wakupha umatsika motsatana bwinobwino. Ndipo poti samanga chilichonse m'thupi, amangosungunukamo, ukaika nsomba m'madzi oyera isanafe amatulukanso kudzera m'makha momwemo. Chloroform ndi yemwe uja James Young Simpson anayamba kugonetsera odwala ku Edinburgh mu 1847, ndiye nsomba zathu zinachita kugonekedwa.

Gawo la pamwamba la Folch si methanol ndi madzi okha. Folch mwini analemba kuti muli chloroform magawo 3, methanol 48, madzi 47. Tinakhala pansi ndi mwana uja n'kuwerengera pa pepala. M'malita 2.5 muli chloroform pafupifupi mamililita 75, kulemera kwake kupitirira magalamu 110, ukagawa m'malita 5000 ndi 22 mg/L, apo tisanawerengere chloroform weniweni wa zotsukuluzira amene anali atakhazikika pansi pa botolo. Ameneyo ndi amene anamira m'chemba ndi pansi pa sampu n'kumasungunuka pang'onopang'ono, ndipo pampu yathu inkakoka pansi penipeni. Usiku wa Lachinayi kunalibe magetsi, madzi ali phee, palibe chowavundula. Chloroform amauluka msanga, amawira pa madigiri 61 okha, ndiye titayatsa bulowa Lachisanu thovu la mpweya linamuchotsa m'mathanki, n'chifukwa chake madzulo nsomba zinadzuka, n'chifukwa chakenso sabata yoyamba zinkachira ikamakwana 12 koloko ife n'kumayamika mchere.

Methanol ndiye anatipha mwa njira imene SDS siionetsa ukangoyang'ana LC50. M'botolo munali pafupifupi malita 1.2, kutanthauza pafupifupi kilogalamu imodzi, m'sampu yonse ndi cha m'ma 195 mg/L, kutali kwambiri ndi 15,400, nsomba singamve n'komwe. Koma kwa mabakiteriya methanol ndi chakudya, moti m'malo ena oyeretsera madzi a zonyansa amachita kumuthira dala kuti mabakiteriya adye. Kuti galamu imodzi ya methanol ithe yonse pamafunika okosijeni galamu imodzi ndi theka. Kilogalamu yathu ija inkafuna okosijeni wopitirira magalamu 1,400, pomwe malita 5000 a madzi otentha ngati athu, ngakhale atakhuta mpweya, amasunga magalamu 35 kapena kupitirirako pang'ono. Methanol wina mabakiteriya amagwiritsa pomanga matupi awo ndiye si yense amene amapsa, koma ngakhale mutatenga kota yokha n'zokwana kumaliza mpweya kakhumi. Methanol amasakanikirana ndi madzi kotheratu, bulowa siimuchotsa msanga ngati chloroform, anatsala m'mathanki, mabakiteriya anatenga tsiku ndi theka kuswana, kamtambo koyera ka Loweruka kaja anali iwowo, ndipo ine ndinazimitsa jenereta pa nthawi imene njala yawo ya mpweya inali pachimake. Ethanol ndi woposa pamenepa, galamu imodzi imafuna okosijeni magalamu awiri ndi pang'ono, acetone chimodzimodzi.

Pofuna kutsimikiza tinachita zoyesa za m'ndowa. Ndowa yoyamba madzi a pa mjigo, yachiwiri madzi a pa mjigo osakaniza ndi otunga m'chemba, yachitatu osakaniza chimodzimodzi koma titawapopera mpweya usiku wonse tisanaikemo nsomba, iliyonse timakumba 10 ta m'mabeseni aja. M'ndowa yachiwiri tinayamba kupendekeka mphindi zochepa ndipo tinativuula tisanafe, tonse tinadzuka. Yoyamba ndi yachitatu palibe kanagona, koma yachitatu inachita kamtambo koyera kaja tsiku lotsatira. Sampulo ya madzi yomwe ndinatunga Lachisanu kuti ikayezedwe ku labu yaikulu inali yopanda ntchito, ndinaitunga m'botolo la pulasitiki la madzi akumwa, losadzaza, n'kukhala pa tebulo kutentha kuja mpaka Lolemba. Anzanga, mukakayikira mankhwala ouluka tungani m'kabotolo ka galasi, mudzaze mpaka pakamwa pasatsale thovu ngakhale limodzi, mutseke zolimba, muike pozizira nthawi yomweyo ndipo mutunge ola lomwelo nsomba zikugona, osati mawa.

Zotayika zinali zambiri. Mwa mathanki anayi a makumba tinapulumutsa zosakwana kota, makamaka zija zinatsalira m'mabeseni, chilunguni chinatsala chowerengeka, milamba yokha ndi imene inatsala pafupifupi yonse. Alimi amene anali atalembetsa mbewu yoti aike m'madamu mvula ikayamba tinawauza kuti adikire, ena anakagula kwina. Zoyesa za mwana wasukulu winayo, amene sanakhudze botolo n'komwe, zinathera pomwepo chifukwa nsomba zake zinali m'mathanki awiri mwa anayiwo, anayambiranso ndipo anachedwa kumaliza sukulu. Nsomba zakufa ena ankafuna kutengako zokulirapo kukachita ndiwo kapena kupatsa nkhuku, ndinakana chifukwa Lamulungu lija tinali tisanadziwe chimene chazipha, tinazikwirira m'dzenje lakuya ndi laimu.

Tsiku lomwelo la methylene blue ndinapita kwa mlonda pamaso pa onse amene anamva mafunso anga a Lachisanu n'kuwapepesa. Anati zatha, koma anawonjeza kuti akanakhala kuti sanaope akananena za ambululu Lachisanu lomwelo. Ndimaziganizirabe, chifukwa ndikanamva za fungo la pa chemba tsiku limenelo ndikanafunsa ku labu, ndikanadziwa za methanol ndipo jenereta sindikanaizimitsa. Amene amakhala ndi madzi usiku wonse ndi mlonda ndi wothandizira, amaona achule, mphutsi, fungo ndi mtundu wa madzi ife tili kunyumba, koma munthu amene mwamuika pa mlandu amangoyankha zimene mwamufunsa. Mwana wa botolo uja akuluakulu ankafuna amuchotse, ndinamuikira kumbuyo chifukwa panalibe botolo lina lotayiramo, panalibe chikwangwani pa sinki, ndipo palibe anamuuza kumene paipi imapita popeza ngakhale ife sitinkadziwa.

Pokonza tinayamba ndi chemba. Madontho a pansi aja tinawakoka ndi pipeti ya galasi kuika m'botolo, titavala magolovesi ndipo tili panja pa mphepo, munthu asalowetse mutu m'chemba kapena kutsikira m'sampu yotere chifukwa nthunzi ya chloroform imalemera kuposa mpweya ndipo imakhazikika m'maenje. Paipi ya PVC pa kona yoyamba inali itafewa n'kutupa, chloroform amadya PVC, tinaidula yonse. Sinki tinamuchotsa ku sampu kotheratu. Madzi a m'sampu sitinawatayire kudzenje nthawi yomweyo poopa kuwatsitsira ku madzi a pansi pomwe mjigo wathu ndi zitsime za anthu zimamwa, tinaikamo miyala ya mpweya masiku angapo mpaka kamtambo katatha ndi okosijeni atakhazikika, tinayesanso ndi timakumba m'ndowa, kenako tinakolopa matope a pansi. Pampu tinaikweza kuti isamakoke pansi penipeni. Panopa madzi obwezeretsa asanapite kwa mbewu amayamba adutsa m'kathanki kakang'ono komwe timasungamo timakumba tochepa, wothandizira amatiyang'ana theka la ola asanatsegule mavalavu, ndipo madzi akangochita kamtambo koyera bulowa siizima usiku umenewo ngakhale mafuta akhale odula bwanji.

Mu labu muli mabotolo awiri olembedwa zilembo zazikulu, lina la zonse zokhala ndi chloroform kapena dichloromethane, lina la methanol, ethanol, acetone ndi hexane, ndipo gawo la pamwamba la Folch limapita m'botolo la chloroform. Kulekanitsaku sikuti n'kwa nsomba zokha, chloroform akakumana ndi acetone pali sodium hydroxide zimatentha mwaukali mpaka kuphulitsa botolo, ndipo ife sodium hydroxide timakhala naye wa Kjeldahl, njira yoyezera mapuloteni, pa benchi yomweyo. Panabwera maganizo oti tisiye chloroform tiyambe njira ya Hara ndi Radin ya 1978 ya hexane ndi isopropanol, ndipo kwa munthu wogwira ntchito ndi yabwinoko ndithu, tinayamba kuigwiritsa pa sampulo zina, koma ndinawakumbutsa 2.5 mg/L uja, kwa nsomba hexane ndi woopsa kuposa chloroform ndipo amayandama pamwamba pomwe mbewu imadyera.

Nkhaniyi inatichititsa kuyang'ananso malo ena amene timalowetsa mankhwala osungunulira m'madzi a nsomba ndi manja athu. Chakudya cha 17-alpha-methyltestosterone, chija cha mamiligalamu 60 pa kilogalamu chosandutsira mbewu kukhala yaimuna, chimasakanizidwa ndi ethanol, ndipo tinapeza kuti masiku otanganidwa chinkaperekedwa chisanaumitsitse, fungo la mowa likumvekabe, panopa chimayanikidwa pa mthunzi mpaka fungo litatheratu. Mafuta a clove ogonetsera nsomba poyeza kulemera timasungunula mu ethanol, ndipo ndowa yake inkakhuthulidwa mu ngalande yopita ku sampu, tinasiya. Kwa ana amene amayesa mankhwala kapena madzi a zitsamba pa nsomba, malangizo a bungwe la mayiko la OECD amati chosungunulira chisapitirire mamililita 0.1 pa lita, ndipo pakhale thanki ina yokhala ndi chosungunulira chokhacho kuti udziwe ngati chikupha ndi mankhwala ako kapena methanol wako. Ndinapeza ripoti lakale pa shelefu yathu momwe thanki imeneyi munalibe, ndipo okosijeni sanayezedwe ngakhale kamodzi.

Mbewu yotsatira ya makumba inakula bwino mpaka kugulitsidwa, madzi ake omwewo obwezeretsa a m'sampu, ndipo kuledzera kuja sikunabwerenso. Chimene sichinathe ndi mabotolo. Chloroform sungamuwotche pa dzala chifukwa utsi wake umatulutsa phosgene ndi asidi, amafunika ng'anjo yotentha kwambiri yopangidwira zimenezo, ndiye mabotolo odzaza tikuwasunga m'kabati yachitsulo yokhoma, kumdima, m'beseni la mchenga, ndipo kalata yopempha ndalama zoti akatayidwe moyenera ndailembanso kachitatu mwezi uno.